Mfuti Yopanda Cipolopolo

Anyamata a ku Mkaika adziwa bwino kulasa njiwa ndi legeni pamene mapira aca m'minda. Mwala ucoka m'dzanja, uuluka, ndipo mbalame igwa pansi. Koma kodi munamvapo za mfuti imene ipha mbalame osaturutsa kanthu konse?

M'caka ca 1984, kampani ya ku Japan yochedwa Nintendo inapanga masewera ochedwa Duck Hunt, ndiko kunena kusaka abakha. Anali kusewera pa kamakina ka m'nyumba kochedwa Family Computer, kamene anali kulumikiza ku wailesi ya kanema. Pa galasi panali kuoneka udzu, mtengo ndi galu. Galuyo akalumphira m'udzu, bakha anali kuuluka, ndipo wosewera anali kuloledwa kuomba katatu kokha. Akaphonya, galu anali kudzuka m'udzumo ndi kumseka. Ana ambiri anamuda galu ameneyu, ndipo ine sindiwatsutsa, pakuti palibe mlenje akondwera kusekedwa ndi galu wace.

Tsono makinawo anadziwa bwanji kuti bakha walasidwa? Cinsinsi cace ndi ici: mfutiyo siiponya kanthu, koma ipenya. M'kati mwa mpope wace muli kadiso kamene kazindikira kuwala. Mwana akakoka cala kuti aombe, galasi lonse lida bii kwa kanthawi kocepa koposa kuphethira kwa diso. Pamenepo, pamalo pamene panali bakha paoneka kabokosi koyera. Ngati mfuti yalunjika bwino, kadiso kaona mdima poyamba, kenaka kuwala, ndipo makina agwetsa bakha. Ngati yaloza pambali, kaona mdima wokhawokha, ndipo bakha apulumuka. Zonsezi zicitika msanga ndithu, kotero kuti maso athu aona kung'anima cabe.

Wina akapeza mfuti yotere m'katundu wakale ndi kuiyesa pa wailesi ya kanema ya masiku ano, ija yopyapyala yopacika pa khoma, adzaphonya bakha aliyense. Asaitaye poganiza kuti yafa. Mawailesi akale a cimimba anali kuonetsa cithunzi nthawi yomweyo makina akacitumiza, koma atsopanowa ayamba acikonza, nacedwa pang'ono. Kabokosi koyera kafika kadiso katatha kale kupenya, ndipo galu uja adzukanso m'udzu, naseka.