Matenda Amene Amayamba Munthu Akaimirira

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2015, mumzinda wa Kazan ku Russia mudachitika mpikisano waukulu wa akatswiri osambira ochokera m'maiko osiyanasiyana. Pa mpikisano umenewo dzina limene lidamveka koposa lidali la Katie Ledecky, mtsikana wa ku America wa zaka 18, amene adalandira mendulo zagolide 5. Koma usiku wina, ali pa chakudya pamodzi ndi anzake, adamva thupi kutentha ndi mutu kupepuka ngati afuna kukomoka. Atabwerera kwao vutolo silidathe: masiku ena ankafooka kwambiri, ndipo chizungulire chinkamugwira ngakhale pa zinthu zazing'ono. Madokotala atamupima adapeza kuti ali ndi matenda amene mwachidule amatchedwa POTS.

Nkhani imeneyi iye sadaiulule kufikira chaka cha 2024, pamene adailemba m'buku la moyo wake lotchedwa Just Add Water. Ambiri atamva adazizwa. Zitheka bwanji kuti munthu wosambira mamita 1,500 osapumira, nasiya anzake onse m'mbuyo, azivutika ndi chinthu chimene mwana wa chaka chimodzi amachita, ndicho kuimirira? Yankho la funso limeneli n'lofunika kwa aphunzitsi ndi kwa achinyamata omwe, pakuti matendawa amakonda kuyamba munthu akali pasukulu.

KUIMIRIRA NDI NTCHITO

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwanira malita 5 kapena kuyandikira pamenepo. Akagona, magaziwo amayalana bwino m'thupi lonse monga madzi m'botolo logoneka. Koma akangoimirira, botolo lija laimikidwa, ndipo magazi okwanira theka la lita, mwinanso kufika lita yathunthu, amatsikira m'mimba ndi m'miyendo. Magazi obwerera kumtima amachepa, ndipo opita ku ubongo nawonso amachepa. Pakadapanda china choletsa, munthu aliyense bwenzi akugwa pansi nthawi zonse podzuka pamphasa.

Chimene chimaletsa ndi ichi. M'mitsempha ikuluikulu ya magazi ya m'khosi ndi ya pafupi ndi mtima muli tizigawo timene timamva mphamvu imene magazi akuyendera. Mphamvuyo ikangotsika, timatumiza uthenga ku ubongo, ndipo ubongo umalamula mitsempha ya magazi ya m'miyendo ndi m'mimba kuti ifinyike, ndiponso mtima kuti uwonjezeko kugunda pang'ono, mwina ka 10 kapena ka 20 pa mphindi imodzi. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri, mwini thupi osadziwa kanthu.

Mauthenga amenewa amayenda m'mitsempha ya mtundu wina, yosanyamula magazi, yonga timaulusi toyera tofuma ku ubongo ndi kumsana. Ina mwa iyo imamvera chifuniro cha munthu, monga ija imakweza dzanja m'kalasi. Koma ilipo ina yodzilamula yokha, imene imayang'anira mtima, thukuta, matumbo ndi chikhodzodzo, usana ndi usiku. John Langley, katswiri wa pa yunivesite ya Cambridge ku England, ndiye adaipatsa dzina lakuti autonomic nervous system m'chaka cha 1898. Ili ndi nthambi ziwiri zikuluzikulu. Imodzi imafulumizitsa thupi, monga zimachitikira munthu akakumana ndi njoka panjira; inayo imalikhazika pansi, monga zimakhalira atatha kudya nsima. Umoyo wabwino umafuna kuti ziwirizi zizimvana.

MITSEMPHA IKAFOOKA

Mitsempha yodzilamulayi ikafooka, vuto la poimirira limaoneka makamaka m'njira ziwiri. Kwa ena, mitsempha ya magazi siifinyika mokwanira, ndipo mphamvu ya magazi, ija kuchipatala amaitcha BP, imagwa. Madokotala amati munthu ali ndi vutoli ngati nambala yapamwamba ya BP yatsika ndi 20, kapena yapansi ndi 10, pasanathe mphindi 3 chiimirire. Izi zimapezeka kwambiri kwa okalamba, kwa amene akhala nthawi yaitali ndi matenda a shuga, kwa odwala nthenda yonjenjemeretsa ya Parkinson, ndiponso kwa ena amene akumwa mankhwala otsitsa BP.

Kwa ena BP siigwa, koma mtima ndiwo umathamanga mopitirira muyeso pofuna kubwezera magazi otsalira kumiyendo. Awa ndiwo matenda a Ledecky, amene dzina lake lonse m'Chingerezi ndi postural orthostatic tachycardia syndrome, ndiko kunena kuti kuthamanga kwa mtima kobwera ndi kuimirira. Muyeso wake ndi wakuti kugunda kwa mtima kuwonjezeke ka 30 pa mphindi, kapena ka 40 kwa a zaka zapakati pa 12 ndi 19, mkati mwa mphindi 10 munthu ataimirira, ndipo vutolo likhale litatha miyezi 3 kapena kuposerapo. Motero mtima umene umagunda ka 70 munthu ali chigonere ungathe kufika ka 120 iye atangoima duu pamzere.

Odwala ambiri ndi akazi, makamaka a zaka zapakati pa 15 ndi 50. Kawirikawiri matendawa amayamba munthu atadwala nthenda ina ya tizilombo, atachitidwa opaleshoni, atabereka, kapena atakhala chigonere nthawi yaitali. Kuyambira chaka cha 2020, madokotala m'maiko ambiri adaona odwala otere akuchuluka pakati pa anthu amene adadwalapo Covid-19.

Wodwala amamva mutu kupepuka, m'maso mumachita chidima, mtima umagunda ngati ng'oma, mawondo amalefuka, ndipo nthawi zina mseru umabwera. Ena amakomoka, koma ambiri sakomoka. Amangokhala pafupi ndi kukomoka tsiku lonse. Chopweteka koposa kwa wophunzira n'chakuti nzeru zimachita ngati zaphimbidwa ndi nkhungu, kotero kuti amawerenga ndime katatu osaigwira. Akagona pansi zambiri mwa izi zimachepa, ndipo apa m'pamene pamachokera mlandu wakuti ngwaulesi.

CHIZUNGULIRE CHILI PAWIRI

Liwu lakuti chizungulire limanyamula zinthu ziwiri zimene dokotala amafuna kuzilekanitsa. Chilipo chizungulire chimene munthu amaona nyumba ndi mitengo zikuzungulira, monga amaonera mwana akatha kuzungulirazungulira pabwalo; m'Chingerezi amachitcha vertigo. Ichi kawirikawiri chimachokera mkatikati mwa khutu, mmene muli timachubu 3 topindika todzaza ndi madzi, timene timauza ubongo kumene mutu watembenukira. Prosper Ménière, dokotala wa ku Paris, ndiye adafotokoza m'chaka cha 1861 kuti nthenda ya m'khutu ingathe kuzunguza munthu, pa nthawi imene ambiri ankayesa kuti zonse zotere n'zochokera mu ubongo. Chizungulire cha m'khutu chimabwera ngakhale munthu ali chigonere, monga potembenuka pamphasa, ndipo mtundu wina wa icho umatha dokotala akangotembenuza mutu wa wodwalayo m'njira yake yoyenera.

Chizungulire cha mitsempha yodzilamula chimatsata kuimirira, ndipo chimachepa munthu akagona. Alipo odwala amene amamva mitundu yonse iwiri. Tsono wodwala amadzithandiza kwambiri akafotokoza bwino pamaso pa dokotala: kodi zinthu zimazungulira, kapena m'maso ndimo mumada? Chimayamba ali chigonere, kapena ataimirira? Nanga chimatenga nthawi yaitali bwanji?

MLANDU WA ULESI

Kusakhulupiriridwa kwa odwala otere sikudayambe lero. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, dokotala wina wa ku Philadelphia, Jacob Da Costa, adaona asilikali ambiri odandaula za mtima kuthamanga, befu ndi chizungulire, chikhalirecho powapima sankapeza chilema chooneka mumtima. Adalemba za iwo m'chaka cha 1871, atapenda asilikali pafupifupi 300. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ambiri a ku Britain adabwezedwa kunkhondo ndi zizindikiro zofananazo. Akatswiri ena a masiku ano amakhulupirira kuti ena mwa asilikali aja ankadwala matenda omwewa. Komabe padapita zaka zoposa 100 kufikira 1993, pamene madokotala awiri a pa chipatala cha Mayo Clinic ku America, Ronald Schondorf ndi Phillip Low, adawafotokoza bwino ndi kukhazikitsa muyeso wake.

Ngakhale dzina lidapezeka, kuchedwa sikudathe. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2019, amene adafunsa odwala oposa 4,800, adapeza kuti theka la iwo adadikira zaka 2 kapena kuposerapo asanauzidwe chimene akudwala, ndipo ambiri adayamba auzidwa kuti vuto lao n'la maganizo. Pafupifupi theka adayamba kudwala ali achinyamata, ndipo msinkhu umene udatchulidwa kawirikawiri udali wa zaka 14.

Umenewu ndi msinkhu wa pasukulu. M'sukulu zambiri ana amayamba tsiku ataima pamzere, nthawi zina padzuwa, ena asanadye kanthu. Mwana kugwa kamodzi pamalo otere si chachilendo, ndipo sikutanthauza kuti ali ndi nthenda yokhalitsa. Koma alipo mwana amene sabata ndi sabata amatuluka pamzere nakakhala pansi, amene phunziro loyamba limamupeza ali wofooka, amene mpira adausiya ngakhale kale ankaukonda. Akakhala mnyamata amanenedwa kuti akuzemba ntchito. Akakhala mtsikana manong'onong'o amayamba akuti ali ndi pakati. Ndipo kumudzi ena amafulumira kutchula za ufiti. Mwana wotere amasenza akatundu awiri, nthenda ndi chitonzo, ndipo nthawi zina chitonzocho ndicho chimamuchotsa pasukulu.

Chikhalirecho chizindikiro chachikulu cha matendawa chimapimika ndi wotchi ndi zala ziwiri. Mwanayo agone chagada mphindi 10, ndipo wina awerenge kugunda kwa mtsempha wa pamkono pake kwa mphindi imodzi. Kenaka aimirire osayendayenda, munthu wamkulu ali pambali pake kuti amugwire akafooka, ndipo kugundako kuwerengedwenso pakapita mphindi 2, 5 ndi 10. Manambalawo alembedwe kwa masiku angapo, ndipo apite nawo kuchipatala. Kugamula n'kwa dokotala, pakuti chizungulire chili ndi magwero ena ofala koposa, monga kuchepa kwa magazi, malungo, njala ndi kutsekula m'mimba, kuwonjezapo nthenda za mtima weniweniwo, ndipo izi ziyenera kufufuzidwa poyamba. Mwana amene wakomoka ali mkati mothamanga, kapena akumva kupweteka pachifuwa, asachedwetsedwe ndi wotchi. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

KUKHALA NAWO MATENDAWA

Mankhwala ochiziratu POTS sanapezeke, koma odwala ambiri amapeza bwino akadziwa kusamala thupi lao, ndipo achinyamata ambiri amapepukidwa pamene akukula. Madokotala amalangiza kumwa madzi okwanira malita 2 kapena 3 patsiku, ndiponso kuwonjezera mchere, popeza mchere umasunga madzi m'magazi. Komatu apa m'pofunika kuchenjera. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limalangiza munthu wamkulu kuti mchere wake usafike magalamu 5 patsiku, motero kuwonjezera mchere kuyenera kuchitika pokhapokha dokotala atalola, ndipo n'koopsa kwa munthu wa BP yokwera kapena wodwala impso.

M'mawa ndiyo nthawi yovuta koposa. Wodwala asadzambatuke pogona. Akhale kaye tsonga, agwedeze mapazi, amwe madzi, kenaka aimirire. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chizungulire chikamuyamba ali pamzere, apingasitse miyendo ndi kulimbitsa minofu ya m'ntchafu, kapena anyonyomale, pakuti minofu ikafinya mitsempha magazi amabwerera kumtima. Kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku kumaposa kukhuta kamodzi, chifukwa chakudya chambiri chimakokera magazi kumimba. Mowa, dzuwa la masana ndi madzi osamba otentha kwambiri zimafutukula mitsempha ndi kukulitsa vuto. Masokosi aatali othina amathandiza, ndipo zonsezi zikalephera alipo mankhwala amene dokotala angapereke, monga fludrocortisone, midodrine kapena propranolol.

Kugona tsiku lonse kumaoneka ngati mpumulo, koma kumafooketsa thupi ndi kuwonjezera matenda. N'chifukwa chake odwala amalangizidwa masewera olimbitsa thupi, oyamba pang'onopang'ono, munthu ali chogona kapena chokhala. Apa m'pamene funso lija la poyamba limapeza yankho lake. Wosambira amakhala chogona, botolo lija lili chigonere, ndipo madzi amafinya miyendo yake mbali zonse monga sokosi yaikulu. M'madzi Ledecky adalibe mdani amene ankakumana naye pamtunda.

Mu 2024, pa masewera a Olimpiki a ku Paris, iye adapambana mpikisano wa mamita 800 kachinayi motsatizana, kuyambira uja wa ku London wa 2012, ndipo mendulo zake zagolide za Olimpiki zidakwana 9. Izi sizitanthauza kuti wodwala aliyense angachite zomwezo. Matendawa amasiyana kulemera kwake, ndipo alipo ena amene kuyenda kuchokera pakhomo kufika pamsewu ndi ulendo. Koma nkhani yake imatseka pakamwa pa onse oyesa kuti chizungulire chotere n'cha aulesi, pakuti palibe angatchule mlesi munthu amene adakhala zaka zambiri akulawirira kudziwe losambiramo kusanache.

Chimene chidamuthandiza poyamba n'chakuti atadandaula adamveredwa, napimidwa, nauzidwa dzina la nthenda yake. Mwana wa pamzere uja safuna zambiri kuposa pamenepo: mpando pa nthawi ya msonkhano wa m'mawa, chilolezo chokhala ndi botolo la madzi m'kalasi, kalata yopita nayo kuchipatala, ndi mphunzitsi amene amayamba wafunsa asanaweruze.