Kanjira ka ku Dziwe la Chagwa

Inu a ku Mandevu mumazidziwa bwino zithaphwi zimene zimadzaza m'njira mvula ikagwa. Madzi ace amakhala amatope, ndipo dzuwa likawala masiku owerengeka amaphwa. Koma kuli maiwe ena amene amasunga madzi oyera ngakhale m'mwezi wotentha wa Okutobala. Kodi kusiyana kwace kuli pati? Kuti tipeze yankho, lero tiyenda ulendo wa m'maganizo kupita kwa anansi athu a ku Malawi.

Kum'mwera kwa dzikolo kuli mzinda wa Zomba, umene unali likulu la Malawi kufikira caka ca 1975. Pamwamba pa mzindawo pali phiri lalikulu limene nsonga yace ipitirira mamita 2,000. Nkhalango ya paphiripo inaikidwa m'manja mwa boma kuti itetezedwe m'caka ca 1913. Kukwera phirili wapansi kucokera mumzinda ndi nchito yotopetsa, koma munthu akafika pamwamba amapeza tinjira ndi miseu yafumbi imene ngakhale mwana wa sukulu angathe kuyendamo.

Tiyeni titsate kanjira ka m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Taonani pansi pamene tikuponda. Nthaka sikuoneka, cifukwa yaphimbidwa ndi masamba ofota. Mverani kuzizira kwa mthunzi, ndi phokoso la madzi pa mathithi ochedwa Williams Falls. Tikapitirira, tidutsa m'mitengo ya paini imene inacita kubzalidwa, kufikira tifika pa dziwe laling'ono la Chagwa. Dziweli linapangidwa ndi anthu amene anachinga madzi, ndipo lili patali ndi nyumba ndi phokoso la magalimoto.

Tsono yankho la funso lathu lija nali. Mvula ikagwa m'nkhalango, imayamba yagwera pa masamba a mitengo, ndipo imafika pansi mphamvu yace itacepa. Masamba ofota aja amamwa madziwo monga momwe thonje limamwera, ndipo mizu imatsegula tinjira toti alowere m'nthaka. Madziwo amayenda pansi pang'onopang'ono, natuluka pa akasupe atasefedwa kale. N'cifukwa cace dziwe la m'nkhalango limalandira madzi ngakhale mvula italeka. Koma pamene mitengo yadulidwa, nthaka imauma gwa, madzi amathamanga pamwamba atasenza dothi, ndipo dothilo limakwirira dziwe. Anthu a mumzinda wa Zomba amamwa madzi a m'damu la Mulunguzi la paphiri pomwepo, motero kudula mitengo ndi moto wolusa paphiripo zimakhudza mpopi wa banja lililonse.

Tibwerere kwathu tsopano, pakuti nkhaniyi ndi yathunso. Kum'mawa kwa Lusaka kuli nkhalango yochedwa Forest 27, kumene kumayambira mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe. Kuyambira m'caka ca 2017 mbali zina za nkhalangoyi zinacotsedwa pa citetezo, ndipo panamangidwa nyumba. Kumbukirani kuti madzi a mumzinda wathu ena amacokera ku mtsinje wa Kafue, koma ena ambiri amapopedwa pansi pa nthaka. Ngati mvula isowa polowera, kodi zitsime zathu zidzadzaza ndi ciani?

Aphunzitsi, simufunika kufika ku Zomba kuti ana aone zimenezi. Kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda kuli Lusaka National Park, imene inatsegulidwa m'caka ca 2015. Mukapita ndi ana kumalo otere, pemphani mlonda wa nyama kuti akutsogolereni. Ana asacoke m'kanjira, asasambe m'dziwe limene sadziwa kuya kwace, asakoleze moto, ndipo zinyalala zonse abwere nazo.

Pomaliza, nayi nchito ya m'kalasi. Tengani mabeseni awiri, muthiremo dothi ndi kuwapendeketsa pang'ono. Limodzi muliphimbe ndi masamba ouma, linalo likhale poyera. Thirani madzi ofanana pa onse awiri ndi citini coboola. Ana aone beseni limene madzi ace atsika msanga, ndi limene madzi ace ali amatope, ndipo alembe m'makope mwao zimene aona. Tsalani bwino.