Mkangano wa mabuku pa Kapiri

Sabata yatha ndinali kwathu kwa Dambe ku Mchinji, ndipo pa Kapiri ndinapeza achinyamata anayi akukangana, mafoni ali m'manja. Ndinkayesa ndi za Bullets ndi Wanderers. Ayi ndithu, inali nkhani ya mabuku.

Mtsikana wina akuwerenga Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, buku la mu 2015 lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazi. Akuti chikumuopsa n'chakuti anthu a m'bukumo amapatsidwa chilichonse kupatula ufulu, ndipo sadandaula n'komwe. Apa panalibe wotsutsa.

Moto unabuka pa Akata Witch la Nnedi Okorafor. Mwini nkhani ndi Sunny, mtsikana wachialubino wa ku Nigeria amene amatulukira kuti ali ndi mphamvu zamatsenga. Mnyamata amene akuliwerenga akuti n'koyamba kuona mwalubino ali ngwazi, osati womvetsa chisoni. Mnzake anakana kwamtuwagalu: kuno ku Malawi abale athu aphedwa chifukwa cha bodza lomwelo loti matupi awo ali ndi zizimba, ndiye bukuli mungamupatse mwana wa Sitandade 8 popanda kumufotokozera?

Ine ndinalikonda bukuli ndili ku koleji, koma funso limenelo silinandibwererepo m'mutu. Ndinangoti kukamwa yasa.

Onse anayi amawerenga m'Chingerezi, pafoni, batire likalola. Nditafunsa buku lotere la m'Chichewa, anayang'anizana. Wina anati agogo ake amasimba bwino za ndege za lichero, kungoti palibe amawalembera.