Shaki ndi mkunga m'thanki imodzi: kodi n'zotheka kwathu kuno?

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amagula dzira la shaki n'kuliika m'thanki yagalasi mpaka litaswa, ndipo ena amaikamonso mkunga. Ana athu akaona zoterezi pafoni, mawa lake mupeza tinsomba m'chigubu kuseri kwa nyumba. Chidwi chotere n'chabwino, koma makolo ayenera kudziwa zotheka, zosatheka ndi zomwe zingadwalitse mwana.

Shaki si ya madzi athu

Shaki yomwe amakonda kuweta imatchedwa bamboo shark, ya m'nyanja zamchere za ku Asia ndi Australia. Dzira lake lili ndi chikamba chonga chikopa ndipo limaswa patatha miyezi pafupifupi inayi. Kamwana kake kamatha kukwana pachikhatho, koma kakakula kamatalika mita imodzi. Imafuna madzi okhala ndi mchere wokwana magalamu 35 pa lita, ndipo mchere wothira m'ndiwo sungalowe m'malo mwa wa m'nyanja. N'chifukwa chake shaki yotereyi singakhale m'Nyanja ya Malawi.

Kuiphatikiza ndi mkunga kumavutanso. Zonse ziwiri zimadya nyama ndipo zimasaka usiku. Mkunga wa m'madzi amchere suona bwino, umatsata fungo, choncho pa nthawi ya chakudya ungalume mnzake.

Zathu nazo n'zodabwitsa

Nyanja yathu ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala ya ku Cape Maclear, timawetedwa m'matanki dziko lonse lapansi. Kaswedwe kake n'kochititsa chidwi: yaikazi imatola mazira n'kuwasunga m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya, kufikira ana atayamba kusambira. Chambo nacho chimalera ana ake motero.

Mkunga uliponso. Waukulu umaswana kutali m'nyanja ya Indian Ocean, ndipo ana ake amakwera mitsinje, choncho sungaswane m'thanki. Palinso nsomba ina yaing'ono yofanana nawo, yaminga pamsana, yobisala m'miyala. Zonsezi zimadya tinsomba ting'onoting'ono ndipo zimathawira pakampata kalikonse. Lamulo lake ndi limodzi: nsomba yokwana m'kamwa mwa inzake ndi ndiwo. Mlamba ndi kampango nazo musaziike pamodzi ndi mbuna.

Dziwaninso kuti kugwira nsomba m'madzi otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe amafika mamita 100 kuchokera kugombe, n'koletsedwa. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Musanayambe kuweta, funsani alangizi a zausodzi m'dera lanu.

Chenjerani ndi likodzo

Choopsa chachikulu si nsomba ayi, koma madzi ndi nkhono. Tizilombo ta likodzo timakulira m'nkhono, kenako timatuluka n'kulowa pakhungu la munthu. Nkhono yotoledwa kugombe ikaikidwa m'thanki ingathe kutulutsa tizilomboti kwa masabata ambiri, mwana n'kumapisamo manja tsiku ndi tsiku. Ku Mangochi likodzo la m'chikhodzodzo n'lakale, ndipo mu 2017 akatswiri adapezanso m'mbali mwa nyanja nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo.

Choncho musaikemo nkhono, ndipo musatenge udzu wa m'madzi a kugombe, chifukwa tinkhono timabisala m'menemo. Madzi a m'nyanja ayambe akhala m'ndowa yovindikira masiku awiri, chifukwa tizilomboti sitikhalitsa kunja kwa nkhono. A pampopi nawo akhale tsiku limodzi kapena awiri kuti klorini, yemwe amapha nsomba, achoke. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo n'kuthiramo atsopano. Nsomba zikafa, tayani madzi tsiku lomwelo, apo ayi muweta udzudzu.

Mwana asambe m'manja ndi sopo akagwira thanki, ndipo ngati ali ndi bala asapisemo. Mukaona magazi mumkodzo kapena m'chimbudzi chake, pitani naye kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo. Likodzo limachizika ndi mankhwala a praziquantel.