JIM REEVES: MAWU OFATSA AMENE SANAZILALE

Aliyense amene anakulira m'midzi ya ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amawadziwa mawu a Jim Reeves, ngakhale dzina lake ataliiwala. Ndi mawu aja a besi, odekha ngati madzi a padziwe, amene ankatuluka m'wailesi Lamulungu m'mawa pamene banja linkakonzekera ulendo wa ku Misa. Makolo athu ambiri Chingerezi sankachimva, komabe nyimbo ikayamba ankaleka macheza n'kutchera khutu. Kodi munthu ameneyu anali yani, ndipo anafika bwanji m'nyumba zathu?

James Travis Reeves anabadwa pa 20 Ogasiti 1923 ku Galloway, m'chigawo cha Texas ku America. Anali mzime m'banja la alimi osauka. Bambo wake anamwalira iye asanakwanitse chaka, motero mayi wake analera okha ana onse ndi ntchito ya kumunda. Ali mnyamata mtima wake unali pa masewero a baseball, koma mu 1947 anavulala mwendo ndipo maloto amenewo anathera pomwepo. Chaka chomwecho anakwatira Mary White, nayamba ntchito youlutsa mawu pa wailesi. Ntchitoyi inamufikitsa ku Shreveport, m'chigawo cha Louisiana, kumene anayamba kudziwika ngati woimba nyimbo za country, zomwe ndi nyimbo za anthu akumidzi a ku America. Mu 1953 nyimbo yake yotchedwa Mexican Joe inafika pa nambala 1, ndipo mu 1955 analowa m'kampani yojambula nyimbo ya RCA ndi m'bwalo lotchuka la Grand Ole Opry ku Nashville.

Poyamba Reeves ankaimba mokweza ndi mokuwa, monga momwe ankachitira anzake a nthawi imeneyo. Zinthu zinasintha mu 1957 pojambula nyimbo ya Four Walls mothandizidwa ndi katswiri wa gitala Chet Atkins. Anasendera pafupi ndi maikolofoni, natsitsa mawu ake, naimba ngati munthu amene akulankhula ndi mnzake pakhonde madzulo. Zoimbira nazo zinabwerera kumbuyo kuti liwu lililonse limveke. Maimbidwe amenewa ndiwo anamutchukitsa pa dziko lonse, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Gentleman Jim.

Tisabise, Reeves sanali mlaliki kapena woimba wolembedwa ntchito ndi mpingo. Chakudya chake ankachipeza ndi nyimbo za chikondi ndi za kusweka mtima. Koma mbiri yake itafika pachimake sanachite manyazi kujambula nyimbo zauzimu zimene anakulira nazo. Mu 1959 anatulutsa chimbale cha God Be With You, mu 1962 cha We Thank Thee, ndipo mu 1963 chimbale cha nyimbo 12 za Khirisimasi. Zambiri mwa nyimbo zimenezi anapeka ndi anthu ena. Mwachitsanzo, Take My Hand, Precious Lord inapekedwa mu 1932 ndi Thomas Dorsey, munthu wakuda wa ku Chicago, mkazi wake atamwalira pochira ndipo khandalo litatsatira amake. Nyimbo yobadwa m'misozi yotere sifuna phokoso, ndipo mawu a Reeves anaiyenera.

Njira yofikira kwathu kuno inadzera kummwera. Mu 1962 Reeves anakaimba ku South Africa, kumene anthu anamulandira ngati mfumu, ndipo mu 1963 anabwererako kukajambula kanema wotchedwa Kimberley Jim. Inali nthawi ya tsankho la apartheid, ndipo iye anajambulanso nyimbo m'chilankhulo cha Mabunu. Koma nyimbo siipempha chiphaso pachipata. M'zaka zimenezo amuna ambiri a kuno kummawa ankagwira ntchito ku Joni, ku Wankie, ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku migodi ya Copperbelt. Pobwerera kumudzi, kuwonjezera pa njinga ndi mabulangete, ena ankanyamula galamafoni ndi mbale zake. Wailesi inapitiriza ntchitoyo, kenaka makaseti anaifalitsa m'magolosale ndi m'mabasi a mumsewu wa Great East Road.

Sitidabwa kuti nyimbozi zinamera mizu pakati pathu. Zambiri zimakamba za mlendo amene akulakalaka kwawo, za kuoloka mtsinje ndi za kukakumananso ndi abale amene anatsogola. Mtchona amene watha zaka 10 osaona manda a amake, ndiponso mayi amene akulima yekha chimanga ndi mtedza podikira kalata ya mwamuna wake, ankaudziwa uthenga umenewu asanaumasuliridwe n'komwe. Nyimbo ya This World Is Not My Home inkawakumbutsa zimene ankamva kale m'tchalitchi, kuti pansi pano tonse ndife apaulendo.

Ulendo wa Reeves mwini unatha modzidzimutsa. Pa 31 Julayi 1964 ankayendetsa yekha kandege kakang'ono kuchokera ku Batesville, m'chigawo cha Arkansas, kubwerera ku Nashville, ali ndi Dean Manuel, woimba piyano wa gulu lake. Atatsala pang'ono kufika anakumana ndi mvula ya mkuntho, ndegeyo inagwa ndipo onse awiri anafera pomwepo. Matupi awo anapezeka pa 2 Ogasiti. Reeves anali ndi zaka 40 zokha, ndipo kunali kutatsala miyezi yosakwana itatu kuti Zambia ilandire ufulu. Choncho ambiri a ife tinayamba kumumva mwini wake ali kale m'manda. Mkazi wake Mary anasunga bwino zimene mwamuna wake anajambula, nazitulutsa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, kotero kuti mu 1966 nyimbo ya Distant Drums inafika pa nambala 1 ku Britain.

Ena angafunse ngati Mkatolika ayenera kumvera nyimbo zimene zinachokera m'mipingo ina. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha mu 1964 chonena za umodzi wa Akhristu, unatiphunzitsa kuzindikira mokondwa zabwino zachikhristu zimene zili mwa abale athu a mipingo ina. Nyimbozi malo ake ndi kunyumba, paulendo ndi pa nthawi ya chisoni. Pa Misa tili ndi zathu. Msonkhano womwewo mu 1963 unalimbikitsa mitundu ya anthu kutamanda Mulungu ndi maimbidwe a makolo awo, ndipo n'chifukwa chake ng'oma ndi visekese zimalira m'matchalitchi athu.

Chimene tingatengeko kwa Reeves ndi ulemu umene ankapereka ku mawu a nyimbo. Masiku ano makwaya athu ambiri ali ndi kiyibodi ndi zokuzira mawu, ndipo achinyamata aluso akujambula nyimbo zauzimu poyembekezera kupezapo kangachepe. Zimenezi si zoipa, pakuti wantchito ayenera malipiro ake. Koma kawirikawiri zoimbira zimakwirira mawu, mpaka gogo wokhala kumbuyo kwa tchalitchi amatuluka osadziwa chimene chaimbidwa. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Inu aphunzitsi a kwaya, pokonzekera Lamulungu likudzali, mmodzi wa inu akaime pakhomo la tchalitchi ndi kumvetsera. Ngati mawu sakumveka, tsitsani zokuzira mawuzo, ndipo muyambirenso.