Amonke a ku Silos ndi Chimbale Chimene Chidadabwitsa Dziko

Kumapeto kwa chaka cha 1993, m'dziko la Spain mudatuluka chimbale chimene chidaposa nyimbo zonse za chamakono pa malonda. Odziwa za maimbidwe adagwira pakamwa, pakuti oimba ake sadali anyamata a magitala, koma amonke a chipani cha Benedikito Woyera a ku Santo Domingo de Silos, m'chigawo cha Burgos.

Nyimbozo zidali za Gregoriano: mapemphero a m'Chilatini, oimbidwa ndi liwu limodzi, popanda ng'oma kapena chisekese. Amonkewo adazijambula kalekale, kuyambira mu 1973, motsogozedwa ndi Ismael Fernández de la Cuesta ndi Francisco Lara. Patapita zaka, kampani ya EMI idazisonkhanitsa pamodzi n'kuziika pamsika. Mu 1994 zidatulukanso ku America ndi dzina lakuti Chant, ndipo zidafika pa nambala 3 pa mndandanda wa Billboard. Zimbale mamiliyoni zidagulidwa, ambiri mwa ogulawo osadziwa ngakhale liwu limodzi la Chilatini.

Kutchuka kudadza ndi mtolo wake. Alendo adayamba kukhamukira ku Silos kuti akaone oimbawo ndi maso, ndipo bata la panyumbapo lidasokonezeka. Komabe amonkewo sadasiye mwambo wao. Belu likalira, usana ndi usiku, ankalowa m'tchalitchi kukaimba masalimo monga kale, kaya pali omvera kaya palibe.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a Dayosizi ya Chipata. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udalemekeza nyimbo za Gregoriano, koma udatsekulanso khomo kuti mitundu ya anthu itamande Mulungu ndi maimbidwe akwao. Ndiye chifukwa chake ng'oma ndi nthungululu zimamveka pa Misa ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi. Lero kwaya zambiri zimalakalaka kujambula chimbale ndi kumveka pa Radio Maria, ndipo chilakolako chimenechi n'chabwino. Ngozi imadza pamene oimba adzaza minibasi tsiku lopita kukajambula, koma pamaliro a mkhristu wosauka pafika atatu okha.

Chimene chidakopa dziko ku Silos chidali pemphero la tsiku ndi tsiku. Makina ojambulira adangolipeza lilipo kale. Atsogoleri a kwaya, musanasonkhetse ndalama za chimbale, yambani mwafunsa: kodi nyimbo zathuzi zikuthandiza mpingo kupemphera Lamulungu m'mawa?