Makina alanda ntchito ya manja pokonzanso zigoba za zipolopolo ku America

Mfuti ikalira, chipolopolo chimapita koma chigoba chake chimatsala. Kwa ambiri chigobachi ndi chinyalala, koma kwa alenje ndi ochita mpikisano wowombera chandamale ku America, chimenechi ndi chuma. Masewero akatha, ena amayamba kaye awerama n'kumatolera zigobazi m'zidebe asanaganize zobwerera kwawo.

Kunyumba amakazitsuka, kuzikonza ndi kuthiramonso onga kuti zigwirenso ntchito. Lamulo la boma lalikulu la dzikolo limalola munthu kudzipangira yekha zipolopolo zoti agwiritse ntchito mwiniwake, koma wofuna kuchita malonda amayenera kutenga laisensi.

Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi: chigoba, onga, mutu umene umauluka, ndi kachitsulo kapansi koyatsa moto komwe amakatcha primer. Mwa zinayizi, chigoba chokha ndicho chimabwerera kwa mwini wake mfuti ikalira. Chimapangidwa ndi mkuwa magawo 70 pa 100 aliwonse, ndipo magawo 30 otsalawo ndi zinki.

Mwayi wokonzanso zigoba udakula kaamba ka luso la msilikali wa ku Britain, Edward Boxer, yemwe mu 1866 adatulukira primer yosavuta kuchotsa chifukwa chigoba chake chimakhala ndi bowo limodzi pakati. Chodabwitsa n'chakuti nzeru ya Boxer idafala kwambiri ku America, pamene ya Hiram Berdan, yemwe adali wa ku America komweko, ndiyo idakhazikika ku Ulaya.

Koma ntchito yomwe imatopetsa anthuwa si kuthira onga ayi. Chimene chimawadyera nthawi ndi kukonza chigobacho.

Moto wa onga umatukumutsa chigoba, choncho chimayenera kufinyidwa kuti chibwerere msinkhu wake wakale. Pochifinya mobwerezabwereza, chigoba cha mfuti zazitali chimanka chitalika. Mwachitsanzo, cha mtundu wa .223 Remington sichiyenera kupitirira mamilimita 44.7. Chikapitirira, kukamwa kwake kumapanikiza mutu wa chipolopolo, mphamvu ya moto imakwera mopyola muyeso, ndipo mfuti ikhoza kuphulikira mwini wake kumaso.

Ndiye chigoba chilichonse chimafunika kutsukidwa, kuchotsedwa primer yakale, kufinyidwa, kudulidwa ndi kusalalitsidwa kukamwa. Zigoba zochokera ku usilikali zili ndi ntchito yowonjezera, poti primer yake amaimanga molimba moti malo ake amayenera kuwongoledwa kaye. Munthu wokhala ndi zigoba 1,000 amazigwira kosachepera ka 5,000 asanathire onga ngakhale m'chimodzi chomwe.

Kwa zaka zambiri zonsezi zinkachitika ndi manja. Fred Huntington adayambitsa kampani ya RCBS ku Oroville, California, mu 1943, ndipo makina ake otchuka amagwira chigoba chimodzi pa nthawi imodzi. Pambuyo pake Mike Dillon, yemwe adali woyendetsa ndege, adatsegula kampani ya Dillon Precision ku Scottsdale, Arizona, n'kufalitsa makina ozungulira omwe amagwira zigoba zingapo nthawi imodzi, chilichonse chili pa ntchito yakeyake.

Lero zinthu zidapita patsogolo. Mwini makina amangokhuthulira zigoba m'beseni lomwe lili pamwamba, ndipo mbale yozungulira imazitsetsereza m'paipi chimodzichimodzi, zonse zitayang'ana mbali imodzi. Kampeni kamagetsi kamadula chigoba pomwe chikufinyidwa, kwinaku paipi ina ikukoka tizidutswa ta mkuwa. Kampani ya Mark 7 imapanga injini zomwe zimayendetsa mkono wa makinawo, zokhala ndi tizida toimitsa ntchito china chake chikakodwa. Nayo kampani ya AMP ya ku New Zealand imapanga makina otenthetsa khosi la chigoba ndi magetsi kuti mkuwa ufewe, poti mkuwa wofinyidwa kambirimbiri umauma n'kuyamba kung'aluka.

Ntchito yomwe inkatha masabata a madzulo m'galaja tsopano ikhoza kutha tsiku limodzi. Koma makina otere si a munthu wamba, chifukwa kugula onse pamodzi kumafuna madola masauzande angapo.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amalolera kuwononga ndalama zotere? Yankho lili pa kusowa kwa zipolopolo komwe kumabwera nthawi ndi nthawi.

Mu March 2009, nthambi ya boma yoyang'anira katundu wa asilikali idalamula kuti zigoba zomwe asilikali agwiritsa kale ntchito ziziphwanyidwa zisanagulitsidwe. Anthu adadandaula kwambiri, ndipo masenata awiri a ku Montana, Max Baucus ndi Jon Tester, atalowererapo, lamulolo lidasinthidwa pasanathe nthawi.

Mu 2020 zinthu zidafika poipa. Chaka chimenecho, cha mliri wa Covid-19, zionetsero ndi chisankho cha pulezidenti, bungwe la FBI lidalandira mapempho oposa 39 miliyoni ofufuza mbiri za anthu pa nkhani za mfuti. Chaka chomwecho kampani yakale ya Remington idagwa ndi ngongole. Zipolopolo zidasowa m'masitolo, ndipo ngakhale odzipangira okha adavutika poti primer, yomwe sapanga kunyumba, idasowanso. Omwe adali ndi makina odula adangowayang'ana ali duu.

Palinso vuto lina lomwe makina sadathetse. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Makina alibe maso: sadziwa chigoba chong'aluka khosi, kapena chomwe chapyapyala m'munsi moti chikhoza kuduka pakati mfuti ikalira. Zigoba zotoledwa pansi zimabwera ndi timiyala, zina zazing'ono zimalowa m'zazikulu, ndipo nthawi zina pamapezeka chipolopolo chomwe sichidaombedwe. Makina akasokonekera pang'ono, cholakwikacho chimabwerezedwa pa zigoba mazanamazana mwini wake asanazindikire. Munthu wogwira ndi manja amalakwitsa chimodzi, koma makina amalakwitsa chidebe chonse.

Ichi n'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amasankhulabe zigoba ndi manja ngati mayi wopeta mpunga, amayeza zingapo pa gulu lililonse, komanso amavala magalasi oteteza maso.

Mtovu nawo ndi mdani wosaoneka. Primer zambiri zimakhala ndi mankhwala a mtovu, ndipo fumbi lake limatsalira m'zigoba. Pozitsuka mouma, fumbilo limauluka n'kumata pa zovala ndi m'manja. Mtovu umaononga ubongo, makamaka wa ana, choncho ambiri adayamba kutsuka zigoba m'madzi a sopo pamodzi ndi tizitsulo tating'ono kuti fumbi lisamauluke.

Kuno ku Malawi nkhani ndi ina. Malamulo salola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo wopezeka nazo amakayankha kukhoti. Wotola chipolopolo kutchire kapena m'munda ayenera kudziwitsa apolisi, osati kupita nacho kunyumba kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa.